Wa Besi wa Matalala Ali ku Joni

Nkhani yoti ndipite ku Joni tinaimanga masana ena a dzuwa la mu Okutobala, titakhala pansi pa mtengo wa mango kwawo kwa Lazalo ku Madzimoyo. Tinalipo anthu anayi, bandi yonse ya Matalala, koma chida cholizira panalibe ndi chimodzi chomwe. M'mawa wa tsikulo a Mwanza, eni bala ina ya ku Kapata amene ankatibwereka masipika, amplifaya ndi ng'oma zachizungu, anali atatiuza kuti basi, zida zawo azisunga. Anali atapeza munthu wa laputopu woliza nyimbo za dziko lonse ali yekha, wosafuna chakudya cha anthu anayi.

"Popanda zida zathuzathu tidzafa tili akapolo a eni mabala," anatero Lazalo. "Mmodzi apite akagwire ntchito, akagule amplifaya ndi masipika, abwere. Chaka chimodzi chokha."

Onse anayang'ana ine. Lazalo sakanapita, pakuti ndiye ankapeka nyimbo ndi kuliza gitala yotsogolera. Vero, mlongo wake, anali woimba wathu, ndipo makolo sakanamulola. Mavuto wang'oma anali ndi mkazi woyembekezera. Ine, Gilibati Sakala wa besi, ndinali mbeta, komanso msuweni wanga anali kale ku Joni, ndipo pafoni ankati ntchito kumeneko ndi zongotola.

"Ndiye kuti besi ndi imene ingadikire?" ndinafunsa moseka.

"Besi siola, iwe," anatero Mavuto. "Uipeza."

Amayi anga ku Chiparamba za amplifaya sanazimve n'komwe. Iwo anamva mawu amodzi okha, Joni. Anandikazingira nsawawa, n'kundipatsa korona yawo yakale, n'kunena kuti, "Ukatikumbuke pa feteleza, mwanawe." Mng'ono wanga Petulo anandiperekeza pa njinga mpaka pamsewu waukulu.

Matalala inabadwira mu kwaya. Ine ndi Lazalo tinadziwana ku sekondale m'tauni ya Chipata, tonse tikuimba kutchalitchi. Bambo ake a Lazalo anagwirapo ntchito ku migodi, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi katoni ya malekodi akale a nyimbo za roko, zija zimene anyamata a kumigodi ankaliza kalekale, magitala olira mokalipa ngati macheka akudula mlombwa. Lazalo ankazimvera mpaka singano ya wailesi yolizira malekodiwo inatha. Tsiku lina tili kwawo, azakhali ake ndi mayi wina woyandikana nawo anali pamtondo, akusinja chimanga uku akuimba nyimbo yonyoza mwamuna waulesi. Lazalo anandigwira mkono.

"Gili, tamvera minsi iyo. Du, du, du. Besi yako ndi imeneyo. Usakafune ina."

Kuyambira pamenepo tinayamba kuyenda m'midzi pa njinga, kukhala pambali pa azimayi akamasinja, kupita kokavina chimtali ndi chitelele, kukaonera amadala achingoni akamaponda ngoma mpaka pansi kunjenjemera. Zimene tamva tinkapita nazo kunyumba n'kuzithira moto wa magitala. Mavuto anaika ng'oma yachikopa pambali pa zachizungu zija, ndipo tisanayambe kuimba ankaiwamba pa moto wa udzu kuseri kwa bala, anthu akumuseka. Vero ankaimba ndi mawu akumudzi, osawakometsa monga amachitira a pa wailesi, chisekese chili m'manja. Dzina anatipatsa ndi bambo ake a Lazalo. Tikuyeseza m'kanyumba kawo kamalata, anatulukira pakhomo akutsokomola n'kukuwa kuti, "Phokoso lanji ili, ngati matalala pa denga!"

Poyamba anthu a m'tauni sanatifune. Ankafuna rumba, ankafuna nyimbo zogwirana m'chiuno. Wina anatiponyera botolo akuti, "Tabwera kudzamwa, osati kudzasinja!" Akatekisiti anapita kwa makolo a Vero kukadandaula kuti mwana wa mu kwaya akuimba m'mabala. Koma kenaka Lazalo anapeka nyimbo ya thonje. Chaka chimenecho ogula thonje anadula mtengo anthu atathyola kale, ndipo alimi ena anawotcha mabelo awo chifukwa cha mkwiyo. Mawu ake anali ochepa:

Thonje layera, msana wapindika,
wadya ndani, wadya ndani?

Tinaijambula pa sidi pamodzi ndi zina zingapo m'kachipinda kena ku Kapata, makoma ake atamatidwa matireyi a mazira, mwini wake akutiletsa kupuma mokweza. Wailesi ina ya m'tauni inaiika masana. Sabata isanathe anyamata a njinga zonyamula anthu ankaiimba akukwera zitunda, ndipo amayi a pamsika ankafunsana kuti "wadya ndani?" kasitomala akanenerera kwambiri.

Tsiku limene ndimalikumbuka koposa ndi la chionetsero cha zaulimi ku Katete. Linali dzuwa likuswa mtengo, ife tili pa ngolo ya thirakitala. Vero atangokweza mawu, azimayi amene anabwera kudzaonetsa nyemba ndi nsawawa anasiya madengu awo, namanga zitenje m'chiuno, nabwera kutsogolo. Ankaidziwa nyimboyo kuposa ife, chifukwa kayendedwe kake kanali kawo. Mdala wina anakwezera chibonga m'mwamba n'kuyamba kuponda, fumbi kobo. Ndinayang'ana Lazalo, ndinaona akulira uku zala zikuthamanga pa gitala. Tsiku limenelo ndinakhulupirira kuti tidzafika kutali. Kuyambira tsiku loyamba kuyeseza mpaka tsiku lotsiriza kuimba tonse anayi, Matalala sinakwanitse zaka zitatu.

Masiku ano ndikadutsa pa bala ya a Mwanza ndimapeza ndi malo obetcherapo mpira. Kachipinda kojambulira kaja ndi saluni. Ndafunsa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika ngati ali ndi za Matalala, amandifunsa kuti, "Ndi ya ku Malawi, amdala?"

Joni inandilandira ndi chisanu chimene sindinkachidziwa. Msuweni wanga uja, amene pazithunzi ankatsamira galimoto zokongola, ndinamupeza akukhala m'kanyumba kamalata ndi anthu ena atatu, atagawa chipinda ndi nsalu. Ntchito zongotola zija zinali kuima pamphambano m'mawa ndi kudikira kuti mwina galimoto iima, wina atulutse dzanja n'kuloza iwe. Ndinadulapo kapinga, ndinanyamulapo matailosi mpaka mapewa kusupuka, ndipo pomaliza ndinapeza malo pa bwalo loimikapo magalimoto pa sitolo ina yaikulu. Ankandiveka chovala chachikasu chowala, ine n'kumakupiza manja kuti galimoto ituluke bwino. Ena ankandipatsa kandalama kachitsulo. Ambiri ankakweza galasi.

Chimene chinkandipweteka si njala kapena chisanu. Kunali kutha tsiku lathunthu osalankhula Chinyanja ndi munthu. M'basi ndinaphunzira kutseka pakamwa, chifukwa lilime likangokugulitsa umamva mawu onyoza alendo oti kwerekwere kumbuyo kwako. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo, nyimbo zake osazidziwa. Zala zanga zakumanja zinkayenda zokha pa ntchafu, zikuliza besi yopanda nsambo, mpaka mayi wina wokhala pafupi anasuntha poganiza kuti ndine wodwala.

Ndalama ikafika m'manja inkagawika isanatenthe. Amayi ankaimba za feteleza. Petulo ankaimba za mwana wake amene wabwezedwa kusukulu, za denga la udzu limene likudontha, za ng'ombe imene yadwala. Sindikuwada. Zovuta zimenezo zinali zenizeni, ndipo ine ndi amene ndinali kunja. Lazalo yekha ndiye sankapempha kanthu. Ankanditumizira mawu pafoni, akuliza gitala youma yobwereka kwa mphunzitsi wina.

"Gili, tamvera iyi. Ndaitenga kwa amayi ena a ku Mtenguleni. Pano ndasiya malo a besi yako. Wamva? Apa pomwe."

Ndinkawamvera mawu amenewo nditabisa foni m'chovala chachikasu chija, mobwerezabwereza, mpaka batire kutha.

Chaka chimodzi chija chinatha ndilibe kanthu. M'chaka chachiwiri ndinaigula amplifaya, yogwiritsidwapo kale ntchito, yong'ambika pakona, koma yolira bwino. Ndinainyamula pamutu kuchokera kusiteshoni ngati mtolo wa nkhuni. Nditatumiza chithunzi, Mavuto anayankha ndi mawu akukuwa ngati wagoletsa chigoli, Vero akululutira kumbuyo. Lazalo anati, "Bwera tsopano. Masipika tidzaona konkuno." Ine ndinati ayi, ndidikire pang'ono, ndigulenso masipika ndi kumaliza malata a amayi, ndibwere ngati munthu. Amplifaya ija ndinaiika kunsi kwa bedi, nditaikulunga m'bulangete. Sindinaiyatsepo mokweza, kuopa kuti anthu angadziwe kuti ilipo.

Kenaka kunabuka chipolowe chothamangitsa alendo m'dera lathu. Chinayamba Loweruka m'mawa ndi magulu a anthu onyamula zibonga ndi zikwanje, akuimba. Tinathawa ndi zovala za m'thupi n'kukabisala pa bwalo la tchalitchi china. Pobwerera tinapeza kanyumba kathu kali phulusa, malata atapindikapindika. Sindidziwa ngati amplifaya inapsa kapena wina akuilizabe mpaka lero. Nditamuuza Lazalo, anati, "Bola moyo, mnzanga. Tiyambiranso."

Iwo kumudzi sanaleke. Anapeza munthu wa kiyibodi wa kutchalitchi china kuti azilowa m'malo mwa besi, n'kumabwereka zida apa ndi apo, kumaimba m'maukwati. Lazalo ankadandaula kuti besi ya pa kiyibodi ili ngati ndiwo zopanda mchere. Ine ndinkasangalala mumtima kumva choncho.

Uthenga unandipeza masana ndili pantchito. Anali mawu a Vero, ndipo poyamba sindinawazindikire. Anati onse atatu ankachokera ku ukwati wina kunjira ya ku Lundazi, m'mawa, atakwera kalole kamene kananyamulanso matumba a chimanga. Tayala linaphulika pamtsetse. Vero anaponyedwa m'tchire n'kungosupuka. Mavuto matumba anamugwera, anafera pomwepo. Lazalo anali kuchipatala, mkono wamanzere utaphwanyika.

"Achimwene, akuti audula," anatero Vero. "Iye sakudziwa. Bwerani."

Ndinaimirira pakati pa bwalo lija foni ili kukhutu, mayi wina akuliza hutala kuti ndimuonetse potulukira. Ndinamukupizira manja. Anatuluka bwinobwino.

Sindinapite. Mapepala anga anali atatha kalekale, ndipo ndikanatuluka pachipata cha m'malire sakanandilolanso kulowa. Amayi anandiimbira n'kunena kuti, "Maliro alira ena, iwe gwira ntchito. Ukabwera tidya chiyani?" Ndinatumiza ya bokosi. Mavuto anaikidwa ine ndikulondera magalimoto a eni ake, ndipo mwana wake wamkazi, amene ndinamusiya ali m'mimba, sindinamuonepo bambo ake ali moyo.

Lazalo atatuluka m'chipatala ndinamuimbira kangapo. Ankayankha mawu amodzi amodzi. Kenaka analeka kuyankha, kenaka nambala inaleka kulowa. Vero anakwatiwa ndi mkulu wa mpingo wina ku Petauke. Nditamufunsa tsiku lina ngati amaimbabe, anati, "Ndimaimbira Mulungu, achimwene. Zinazo zinali za ubwana." Foni imene munali nyimbo zathu ndi mawu onse a Lazalo anandilanda anyamata ena pa siteshoni, mpeni uli pamimba. Palibe amene analengeza kuti Matalala yatha. Inangoleka kutchulidwa.

Ndinakhalabe zaka zambiri pambuyo pake, zoposa zimene ndimafuna kuwerenga. Chifukwa chopitira chinali chitafa, koma chifukwa chokhalira chinkabwera mwezi uliwonse pafoni. Nyumba ya amayi inafoleredwa malata. Petulo anagula ngolo. Ana ake anafika ku sekondale. Ine ndinaona imvi zanga zoyamba pa galasi la galimoto ya munthu. Mawondo anayamba kutupa chifukwa choima, ndipo sitolo itaika makina pachipata n'kutichotsa tonse, ndinayesa kubwerera pamphambano paja. Magalimoto ankaima n'kuloza anyamata. Tsiku lina ndinakhala pansi pamwala, ndinadziuza kuti ndikapitiriza ndidzabwerera kwathu m'bokosi, anthu akusonkherana. Ndinagulitsa bedi ndi ketulo, ndinakwera basi.

Titawoloka Luangwa ndinagula nsomba youma pawindo kuti ndingomva mayi wogulitsayo akundilankhula m'chilankhulo changa. Mapiri a Chipata ataonekera ndinalira mwakachetechete, nkhope nditalozetsa kunja.

Ku Chiparamba anandilandira bwino kwambiri. Amayi, atakalamba ndi kuchepa thupi, anavina pabwalo. Anapha nkhuku. Ana a Petulo anagwada pondipatsa moni, maso ali pa chikwama changa chimodzi. Anandiyalira matiresi pabalaza, pakuti zipinda zonse za nyumba ya malata ija zinali ndi eni ake. Munda umene bambo anandisiyira unali wobiriwira ndi soya wa Petulo. Madzi osamba ankanditengera, mpando ankandipatsa wabwino, ndipo ndikagwira khasu ankandilanda. "Pumulani, achimwene, mwachokera kutali."

Patapita masiku, ine ndi amayi tikusenda nsawawa pakhonde, anandifunsa osandiyang'ana.

"Tchuthi akupatsa cha masiku angati?"

"Si tchuthi, amayi. Ndabwereratu."

Manja awo anaima. Kenaka anapitiriza kusenda, msangamsanga. Madzulo ake ndinamva iwo ndi Petulo akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ndipo mawa lake nkhope ya mlamu wanga, mkazi wa Petulo, inali ina. Palibe amene anandinyoza. Ndinangoona kuti pakhomo paja panali malo a Gilibati wa ku Joni, wa pafoni, ndipo malowo anali aakulu ndi aulemu. A Gilibati wa mawondo otupa, wodya nawo m'mbale, panalibe.

Lazalo ndinamufunafuna ku Madzimoyo, anandiuza kuti makolo ake anamwalira ndipo iye amakhala m'tauni. Ndinamupeza pa msika wina, atakhala pa kampando pakhomo la chimbudzi cholipira. Patsogolo pake panali katebulo, mbale ya ndalama zachitsulo ndi mpukutu wa tishu umene ankaudula ndi dzanja limodzi, ataupanikiza ndi chigongono chotsalacho. Dzanja la malaya lamanzere analipinda n'kulimanga ndi pini. Anali atanenepa kumaso monga amachitira anthu a kachasu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaimirira.

"A Sakala! Mwafika liti?"

Chibadwire anali asananditchulepo choncho. Ndinamukumbatira, iye anandigwira pamsana ndi dzanja lake limodzi, mopepuka, ngati akuopa kundidetsa. Anandipatsa kampando kake, iye n'kukhala pa chidebe. Tinakamba za mvula, za mtengo wa ufa, za Vero ndi ana ake. Anthu ankabwera, kuponya ndalama m'mbale, kulandira tishu, kulowa. Ndinamufunsa ngati ali nayo sidi yathu ija.

"Inakalika. Ana anaseweretsa." Anaseka pang'ono. "Koma inu kumeneko mukuliza ndithu? Bandi yanu ndi ya anthu angati?"

"Lazalo, ndi ine Gili. Bandi yanji? Chichokereni kuno sindinagwirepo besi. Ndinkalondera magalimoto. Ntchito inatha, mawondo anatha. Ndabwera kudzakhala."

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale ya ndalama, anayang'ana nsapato zanga.

"Kudzakhala kuti?"

"Kuno. Kwathu."

"Kudzatani?"

Lazalo anapukuta kumaso ndi chikhatho, kenaka analankhulanso.

"Ukudziwa, pano pamabwera anthu ena achikulire amene amandizindikira. Amati, kodi si inu a Matalala? Zinatha bwanji? Ine ndimati, wang'oma anamwalira, woimba anakwatiwa, wa gitala ndi uyu mukumuonayu. Akayamba kundimvera chisoni ndimati, koma wa besi ali ku Joni. Akuliza ndi mabandi akuluakulu, amakwera ndege. Akamva choncho amagwedeza mutu, amati eya, anyamata aja anali ndi luso, timadziwa kuti wina adzatulukira." Anakankhira mbale ya ndalama ija pambali. "Ndanena zimenezo kwa zaka, mpaka ndinayamba kukuona uli pa siteji. Pa ife anayi, ndiwe wekha amene zinakuyendera. Tsopano ndiziti chiyani, Gili?"

Ntchentche zinkazungulira pa chidebe cha madzi. Kuseri kwa mpanda wina ankaliza nyimbo zamakono pa sipika yogulitsira mankhwala a makoswe. Ndinafuna kumuuza za chisanu, za phulusa la kanyumba kaja, za Lamulungu lililonse limene ndinakhala kumbuyo kwa tchalitchi. Ndinaona kuti katundu amene anali naye anali wokwanira.

Nthawi yomweyo panafika bambo wina wa imvi, wovala jekete yakale, atanyamula thumba la mbewu. Anaponya ndalama m'mbale, napatsa moni Lazalo ngati munthu womudziwa, kenaka anandiyang'ana ine.

Lazalo anaimirira, nawongola malaya ake.

"Amdala, mwachita mwayi lero. Awa ndi a Sakala aja ndimakuuzani, a besi, a ku Joni. Abwera kudzationa."

Bambo uja anatula thumba lake pansi, napukuta manja pa jekete, nandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Inu ndinu? Ndinalipo ku Katete, ine! Mwatiyimirira bwino kunjako, bambo. Mwatichotsa manyazi ife a kummawa. Nanga mubwerera liti?"

Ndinayang'ana Lazalo. Maso ake anali pa ine, osaphethira.

"Posachedwapa," ndinatero.